Kugwetsa Mtengo Wapakhomo kwa Dzoole: Ndalama Zimathera Pati?

Mukafunsa munthu wogwetsa mitengo kwa Dzoole kuti amalipiritsa zingati, sangakuyankheni pomwepo. Amati, "Tiyeni tikauone kaye, bambo." Ena amayesa ndi machenjera a pamalonda, koma mwini ntchitoyo amakhala akunena zoona. Mitengo iwiri ya bulugamu yofanana msinkhu, wina uli pakati pa munda, wina uli mamita atatu kuchokera pakhonde, ndi ntchito ziwiri zosiyana. Wakumundawo mwina wogwetsayo ndiye angakupatseni ndalama kuti autenge. Wapakhondewo mukhoza kugulitsirapo mbuzi, n'kuonjezeranso nkhuku.

Zimene zimalamula malipiro ndi malo oti mtengowo ugwere, komanso munthu amene atenge thunthu lake ukagwa. Kukula kwa mtengo, kumene eni khomo ambiri amayamba nako powerengera, kumabwera pambuyo.

Mitengo yambiri imene ikusowetsa anthu tulo lero siinamere yokha. Kuyambira mu 1976, pamene boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa tsiku lodzala mitengo, mbande za bulugamu, malaina ndi keshya zinafalikira m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'makomo. Anthu ankadzala pafupi ndi nyumba kuti mitengo izitchinga mphepo, ndipo nthawi imeneyo nyumba zambiri zinali zaudzu: nthambi ikagwera denga, munthu ankangomweta udzu wina n'kufolera. Lero pamalo omwewo pali nyumba ya njerwa zootcha, yamalata, yasimenti pansi, mwinanso waya wa ESCOM ukudutsa chakumaso. Mtengo uja wapitirira mamita 20, mizu yake yafika pansi pa maziko ndi kuchimbudzi. M'zaka zomwezi mitengo yachilengedwe yakhala ikutha m'minda ya ku Dowa, kupita kuzigafa za fodya, kumauvuni a njerwa, kunkhuni ndi kumakala. Nkhalango zenizeni zatsala m'malo otetezedwa monga phiri la Ntchisi ndi Kongwe, ndiponso kumanda. Ndiye mtengo waukulu wapakhomo uli pawiri: mwini nyumba akuuopa, pamene kalipentala wa ku Mponela kapena ku Madisi akuumezera malovu. Kukambirana konse kwa malipiro kumazungulira pamenepa.

Mtengo wa malaina wowongoka bwino suchedwa kupeza woufuna. Matabwa ake ndi opepuka, sapindika kwambiri akamauma, ndipo akalipentala amapangira zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro. Wocheka akauona amayamba yekha kunena zogula kapena zogawana matabwa. Bulugamu amafunidwanso, koma ali ndi khalidwe lake: akachekedwa amakonda kung'aluka ndi kupindika, choncho ambiri amamufunira mitengo ya denga, mizati ndi nkhuni zootchera njerwa. Mango akale ndi nkhuni zabwino za uvuni, koma thunthu lake limakhala lalifupi, lamphanda zambiri, nthawi zina lamphako mkati. Mkuyu ndi kachere ndiye palibe amene angakupatseni kanthu. Ndi mitengo yofewa, yamadzi, yosachedwa kufumbwa, ndipo nthambi zake zimatambalala dera lalikulu. Pamenepo ntchito yonse mumalipira ndi ndalama za m'thumba.

Mgwirizano umene anthu ambiri amaukonda ndi wakuti, "Gwetsani, mtengowo mutenge." Umaoneka ngati waulere. Koma mwini khomo amene sanafunsepo kuti thabwa limodzi likuyenda bwanji pamsika amakhala akulipira ntchito ya tsiku limodzi ndi chuma chimene chakula zaka 40. Kuwerengera kwake sikofuna sukulu. Itanani ocheka awiri, aliyense payekha, anene kuti mutuluka matabwa angati ndipo a saizi yanji. Funsani akalipentala kuti thabwa lotero amagula zingati. Kenaka yerekezani ndi zimene wogwetsa akanakulipiritsani mukanati thunthu litsale pakhomo. Kawirikawiri pa malaina kapena bulugamu wabwino zimapindulitsa kulipira wocheka pa thabwa lililonse, matabwawo n'kukhala anu, makamaka ngati muli ndi nyumba yodikira denga. Kupereka mtengo wonse, mmene ndimaonera ine, kumayenera pa mtengo wovuta, umene ngozi yake yaposa phindu lake.

Anyamata aganyu a nkhwangwa ndi zikwanje ndiwo otchipa. Amawerenga masiku ndi thukuta, ndipo nsima ya masana imakhala ya mwini khomo. Pa mtengo wa pamtetete amakwanira ndithu. Ocheka ndi sowo yamanja, aja amakumba dzenje kapena kumanga thandala, wina pamwamba wina pansi utuchi ukumuthira kumaso, akuchepa masiku ano koma sanathe. Amachedwa, mwina milungu, koma sowo yawo ndi yopyapyala ndipo sataya mtengo wambiri. Amene alanda msika ndi a chainsaw.

Wa chainsaw akatchula ndalama zoti mwini khomo agwire pakamwa, pali zimene zili kuseri. Makinawo amamwa petulo wosakaniza ndi oyilo, tcheni chimafunanso oyilo wakewake, ndipo zonsezi ndi zochokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo sanaimire pamenepo. M'miyezi imene mafuta ankasowa m'mafilingi siteshoni, a makina ankagula a m'zigubu pa ndalama zoposa apo. Tcheni chatsopano, chonolera ndi zipangizo zina za makina ngati a Stihl kapena Husqvarna amakazipeza ku Lilongwe. Nthawi zambiri amene wagwira makinawo si mwini wake: ndalama mukuperekazo akagawana ndi bwana amene watsala pa tireding'i senta, ndipo ya kabaza wobwera nawo mpaka pakhomo panu ili momwemo. Pocheka matabwa, chainsaw imadya njira ya pafupifupi sentimita imodzi pa mzere uliwonse, kotero kuti matabwa ena amathera mu utuchi. Mumagula liwiro, n'kutaya mtengo.

Komanso mtengo wapakhomo uli ndi mdani wa tcheni amene kunkhalango kulibe: misomali. Zaka zonsezi anthu akhala akukhomapo misomali yokolekera matumba, akumangapo waya woyanikira zovala, ana akukhomerera zitsekerero za mabotolo, ndipo khungwa linakwirira zonsezo. Tcheni chikagunda msomali umodzi mano amabuntha pomwepo, mwinanso kuduka kumene. Wa makina wodziwa ntchito amaika kale zimenezi m'malipiro ake. Mwini khomo amene akukumbukira pamene panali waya achita bwino kuloza makina asanalire.

Mtengo wokhala ndi bwalo lokwanira kutalika kwake umagwetsedwa kamodzi n'kamodzi. Wogwetsa amayamba wauzungulira, kuona kumene wapendekera ndi kumene nthambi zalemera. Amasema kukamwa mbali imene akufuna ugwere, kulowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thunthu, kenaka amapita kuseri n'kudula chokwererako pang'ono. Samaliza. Pakati amasiya kachigawo kosadula, kamene kamagwira mtengo ngati mahinjesi a chitseko kuti utsate njira yake pogwa. Wosadziwa amadula mpaka kupyola, ndipo mtengo umazungulira pachitsa n'kulowera kumene wafuna. Bulugamu wopendekera ali ndi ngozi inanso: thunthu limatha kung'aluka chotalika lisanaduke, n'kumenya chammbuyo pomwe paima wodulayo. Koma zikayenda bwino, ndi makina, ntchito yonseyi siitha ola, ndipo malipiro ake ayenera kuonetsa zimenezo.

Pakhomo bwalo lotero limasowa. Uku kuli nyumba, uku khola, uku nkhokwe, uko khitchini ya aneba. Pamenepo mtengo sagwetsa, amachita kuuphwasula kuyambira kunsonga. Munthu amakwera ndi chikwanje m'chiuno ndi chingwe paphewa, wopanda nsapato, kawirikawiri wopanda lamba womugwira. Nthambi iliyonse yoyang'ana denga amayamba waimanga, chingwe n'kuchikoleka pamphanda ya pamwamba, anzake pansi n'kuchikulunga pa mtengo wina kuti nthambiyo ikaduka itsike pang'onopang'ono. Wapamwamba akafuula kuti "Gwirani!", apansi amakhala atadzimangirira kale, chifukwa mtengo wauwisi umalemera kuposa mmene maso amaonera. Chipika cha bulugamu wauwisi chokwana kiyubiki mita imodzi chimalemera pafupifupi tani imodzi, kufanana ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Nthambi imene poiona muli pansi mungati anthu awiri anyamula, ikhoza kukoka amuna anayi n'kuwakwekwereza pabwalo. Nthambi zikatha, thunthu amalidula zidutswazidutswa mpaka litafupika moti likwane pampata umene ulipo. Ntchito ya ola limodzi ija apa imasanduka ya masiku awiri kapena atatu, ya anthu angapo, ndi zingwe zobwereka kapena zogula.

Ndalama zambiri zimathera apa, ndipo ndi pamene kunenerera kwambiri kumapweteka mwini wake. Wokwera amene wavomera theka la zimene anzake anatchula amapeza njira yofupikitsira ntchito, ndipo njira yake ndi imodzi: kudula nthambi zikuluzikulu osazimanga. Eni khomo ena ochenjera amayamba achotsa malata angapo a mbali ya mtengoyo, n'kudzawakhomanso ntchito ikatha. Kulipira kalipentala tsiku limodzi n'kochepa poyerekeza ndi kugula malata atsopano.

Mtengo wouma kapena wodyedwa ndi chiswe musayembekezere kuti utchipa poti unafa kale. Ndiwo woopsa kwambiri kukwera, chifukwa nthambi imathyoka osachenjeza, ndipo thunthu lamphako siligwira njira pogwa. M'mphakomo mumathanso kukhala njuchi kapena mavu, zimene wokwera amazidziwa ali kale pamwamba. N'chifukwa chake njira ziwiri zopulumutsira ndalama zimene anthu amazikonda, kusenda khungwa mozungulira kuti mtengo uume ndi kusonkha moto patsinde, ndi zakumunda osati zapakhomo. Mtengo wotero umagwa tsiku limene wasankha wokha, mwina usiku ana ali m'tulo. Ngati nthambi zayandikira mawaya a magetsi, pasakhale zokambirana ndi aganyu: pitani ku ofesi ya ESCOM kuti adzaone ndi kuzimitsa magetsi pa tsiku la ntchitoyo. Magetsi amadutsa mu mtengo wauwisi, ndipo pa mawaya akuluakulu kuyandikira kokha n'kokwanira kupha munthu.

Chimene sichitchulidwa pa mgwirizano ndicho chachikulu. Ku Johannesburg, kumene Amalawi ena amagwira ntchito yomweyi, mwini nyumba wosamala amafunsa kaye ngati kampani yogwetsa mitengo ili ndi inshuwalansi yolipira zikalakwika, ndipo ndalama imene amatchajidwa imakhala itaphatikiza zimenezo. Kumudzi kuno inshuwalansi siili m'nkhani. Mtengo ukaphwanya denga lanu, wogwetsayo apepesa, mwina asiya malipiro ake, koma ndalama zogulira malata alibe. Ukagwera nyumba ya aneba, nkhani imapita kwa anyakwawa, ndipo kumeneko mafunso amakhala awiri: mtengowo ngwa yani, nanga anaitana anthuwo ndani? Wokwera akagwa, galimoto yothamangira naye kuchipatala cha Mponela, cha Madisi kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe anthu amayang'ana kwa inu. Zikafika poipa ndiye pali bokosi, ufa wa pamaliro ndi chipukuta misozi. Ndiye kuti malipiro otsika amene mwasangalala nawo atsika chifukwa ngozi yonse yatsala m'manja mwanu.

Pa chifukwa chimenechi, funso loyenera kuyamba nalo si la ndalama. Funsani wogwetsayo kuti anagwirapo kuti ntchito ya pafupi ndi nyumba, ndipo pitani mukamve kwa eni khomolo. Kumudzi mbiri ya munthu siibisika. Mgwirizano upangidwe pali mboni, ndipo mutchule poyera kuti china chikaphwanyika mudzatani. Ndalama yoyamba ikhale ya mafuta yokha, yotsalayo ntchito ikatha. Ana ndi ziweto akhale patali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo, chinthu chovuta ndithu, poti chainsaw ikalira mudzi wonse umabwera kudzaonerera. Ndipo ngati pali kachasu wothokozera, akhale wa madzulo.

Pali malamulonso. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, limazindikira kuti munthu amene wasamalira mtengo pamalo amene ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito ndiye mwini mtengowo. Pa bulugamu kapena malaina amene munadzala nokha sipakhala chovuta. Koma mitengo yachilengedwe monga m'bawa, mlombwa ndi muwanga ili m'gulu la yotetezedwa, ndipo musanaiike nkhwangwa, ngakhale ili pakhomo panu, onanani ndi mlangizi wa zankhalango kapena ofesi yawo kuboma ku Dowa. Matabwa akamatuluka m'mudzi kupita ku Lilongwe pa msewu wa M1 amafuna chikalata choyendera, apo ayi akhoza kutsala pa rodibuloko. Ngati mwagulitsa thunthu, gwirizanani kuti chikalatacho akatenge ndani.

Komabe kwa Dzoole lamulo limene limaluma msanga ndi la pabanja. Kwa Achewa malo amayenda kuchikazi, ndipo mango amene akukuopsezerani denga mwina anadzala agogo aakazi, mbumba yonse n'kumadya. Mkamwini amene walipira aganyu n'kugwetsa mtengo wa pamalo a akazi ake osauza amalume adzalipira kawiri, kachiwiriko pabwalo. Mtengo wa m'malire uli ndi eni awiri ngakhale mmodzi ndiye amasesa masamba ake, ndipo tsiku limene wasanduka matabwa mnzanu uja amakumbukira bwino kuti anadzala ndi bambo ake. Wa pabwalo la milandu kapena wa kufupi ndi manda ndiye si wa munthu mmodzi n'komwe; ndi nkhani ya amfumu. Kuuza amalume, aneba ndi anyakwawa kumangodya tsiku limodzi loyendayenda.

Anthu ambiri amakumbukira za mtengo mu Disembala kapena Januwale, mphepo yamkuntho itasasula denga la ena. Imeneyo ndi nthawi yoipa. Khungwa limaterera, nthaka imakhala yofewa, chimanga ndi fodya zili m'munda, ndipo ngolo imatitimira. N'zoona kuti aganyu amatchipa poti ndi miyezi yosowa, koma munthu wanjala amavomera ntchito imene sakuidziwa. Nthawi yabwino ndi pambuyo pokolola, kuyambira Juni mpaka Sepitembala. Minda imakhala yapululu moti mtengo ukhoza kugwera m'mizere osaononga kanthu, ndipo oumba njerwa amakhala akusaka nkhuni, kotero nthambi zimagulidwa pa ngolo n'kubweza gawo la zimene mwalipira. Ntchito iyambe mbandakucha, mwera usanadzuke. Nthambi zowongoka za bulugamu musaziwaze. Alimi a fodya adzazifuna pomanga zigafa.

Nthawi zina mtengo sufunika kuchotsa wonse. Mango amene akuthira masamba pamalata, kapena keshya amene nthambi imodzi yokha ndiyo yalunjika denga, akhoza kungosadzidwa mbali imeneyo. Ndalama yake ndi yochepa, mthunzi umatsala, ndipo ana sasowa mango. Wogwetsa amene akusirira thunthu sangakuuzeni zimenezi.

Mikangano yambiri imabuka mtengo uli kale pansi. Kwa wogwetsa, "kugwetsa" kumatha mtengo ukagona. Kuduladula zipika, kuwaza nkhuni, kututa pa ngolo ndi kusesa pabwalo, chilichonse ndi ganyu yakeyake, pokhapokha mutazitchula poyamba. Tinthambi tating'ono musade nato nkhawa: amayi a m'mudzi amabwera ndi nkhata zawo, ndipo likamalowa dzuwa pabwalo pamakhala payera. Zimene zimatsala miyezi ndi zipika zikuluzikulu zosanyamulika, zimene pambuyo pake mumaitaniranso wa makina, n'kulipiranso kabaza ndi mafuta. Ndi bwino aziduliretu tsiku lomwelo makina akadali pakhomo.

Chomaliza kutsala ndi chitsa. Kuchizula ndi ntchito ya makasu, mapiki ndi nkhwangwa, kukumba mozungulira ndi kudula muzu umodziumodzi, ndipo pa mtengo waukulu imatha kudya masiku ochuluka kuposa kugwetsa komwe. Ngati chili pafupi ndi maziko, kukumbako kukhoza kufooketsa khoma, choncho ambiri amangochisiya, ngakhale kuti mizu ikamaola imaitana chiswe ndipo nthaka imatha kutitimira pang'ono. Uzani wogwetsa adulire pansi kwenikweni ngati simukufuna kumapunthwapo usiku.

Bulugamu, malaina ndi keshya safa ndi kudulidwa. Mvula ikangogwa, chitsa chimatulutsa mphukira zambirimbiri. Amene akufuna chife azithyola mphukirazo nthawi iliyonse zikatuluka, mpaka mizu itatopa. Amene ali ndi chitsa pamalo otalikirako ndi khoma akhoza kusiya ziwiri kapena zitatu zowongoka, n'kumazidula zikafika pa msinkhu wa mitengo ya chigafa kapena ya khola, zisanapitirire denga. Zimenezo munthu amadula yekha ndi chikwanje, osaitana wa makina.